Soketi ya valavu m'wailesi zakale: kuzindikira vuto lake ndi kuikonza

Mawailesi a mavalavu, timababu tagalasi tija tokulitsa mawu m'mawailesi akale, sanatheretu mu mzinda wa Johannesburg. Amatuluka m'magalaja a nyumba zakale za ku Kensington, Melville kapena Turffontein pamene eni ake akusamuka, amapezeka m'masitolo a katundu wakale, ndipo ambiri amathera m'manja mwa Amalawi, chifukwa ndife amene timapatsidwa ntchito yosesa magalajawo, ndiponso ena mwa ife ndi amene amakonza mafoni ndi ma TV m'timashopu ta ku Rosettenville, Mayfair ndi Yeoville. Kuchuluka kwa mawailesiwa kuli ndi chifukwa chake. Dziko la South Africa linakhala lopanda wailesi yakanema mpaka chaka cha 1976, choncho banja lililonse lopeza bwino linkagula wailesi yapamwamba kuti lizimvera Springbok Radio, imene inayamba kuulutsa mawu mu 1950 ndi kutsekedwa kumapeto kwa 1985, kapena LM Radio ya ku Lourenço Marques. Kwathu nakonso wailesi ya mavalavu ili ndi mbiri yake. Saucepan Special ya kampani ya Ever Ready, imene inayamba kugulitsidwa mu 1949, ndiyo inalowetsa mawu a Chinyanja ochokera ku Lusaka m'midzi ya Nyasaland, ndipo makolo athu amene ankabwera ku migodi kudzera ku Wenela ankabwerera kumudzi ndi wailesi pamodzi ndi njinga ndi mabulangete.

Munthu akabweretsa wailesi yotere kwa wokonza, mawu ake amakhala amodzimodzi nthawi zambiri: "Achimwene, valavu yapsa, tandipezerani ina." Valavu ndiyo imaoneka ndipo ndiyo imayaka, choncho ndiyo imanamiziridwa. Koma mavalavu ambiri a m'mawailesi a m'nyumba amakhala zaka zochuluka osafa, ndipo tikachotsapo makapasita a pepala (tizipangizo tosunga magetsi), amene amafunika kusinthidwa pafupifupi m'wailesi iliyonse ya msinkhu umenewu, chimene chimabweretsa kawirikawiri mavuto obwera ndi kupita ndi soketi imene valavuyo imakhalamo. Soketi imawonongeka m'njira zingapo zosiyana, njira iliyonse ili ndi mankhwala ake, ndipo wokonza amene wayamba kupopera, kupinda kapena kuzula asanadziwe mmene soketi yake yawonongekera amawonjezera vuto limene kunalibe.

Soketi ili ndi zinthu ziwiri zazikulu: thupi losadutsa magetsi, ndi tizitsulo togwira timiyendo ta valavu, timene mbali yake ya pansi imatulukira kunsi kwa chasesi (chitsulo chimene zipangizo za wailesi zimamangidwapo) kuti pamatidwe mawaya. Thupilo limakhala la mitundu itatu. Masoketi otchipa kwambiri ndi timapepala tiwiri touma ta phenolic (pepala lonyikidwa mu utomoni wolimbitsa) tomangidwa pamodzi, tizitsulo titapanidwa pakati pake. Ena ndi oumbidwa ndi Bakelite, pulasitiki ija imene Leo Baekeland anatulukira mu 1907, ndipo apamwamba ndi a dothi lowotcha loyera. Tizitsulo timapangidwa ndi mkuwa wosakaniza, kawirikawiri phosphor bronze, umene uli ndi mphamvu yobwerera ukapindidwa, ndipo pamwamba pake amaukuta ndi tin kapena siliva. Kukuta kumeneku ndi kopyapyala kwambiri, ndipo kukachoka sikubwereranso.

Maonekedwe a soketi amatsata mtundu wa valavu. Mtundu wa octal, wa timiyendo 8 tonenepa ndi chitsa cha pakati chokhala ndi kamzere kolozera, unayambitsidwa ndi kampani ya RCA mu 1935. Pambuyo pake panabwera mavalavu aang'ono a galasi lokhalokha, a timiyendo 7 otchedwa B7G ndi a timiyendo 9 otchedwa noval, amene akupezeka m'mawailesi ambiri a Philips, Grundig ndi Telefunken a zaka za m'ma 1950, okhala ndi mavalavu monga ECC85, ECH81, EF89, EABC80 ndi EL84. Pakati pa mitunduyi panadutsa Rimlock ya Philips ndi loctal ya Sylvania, komanso mtundu wakale wa ku Ulaya umene sunali ndi timiyendo koma tizitsulo ta m'mbali. Kamwendo ka octal ndi konenepa pafupifupi mamilimita 2.4, pamene ka valavu yaing'ono ndi milimita 1 yokha ndipo kamalowa m'galasi mwachindunji popanda chotchinga chilichonse. Kusiyana kumeneku ndi kumene kumalamulira mphamvu imene munthu angagwiritse ntchito pa soketi. Timiyendo timawerengedwa kuchokera kunsi kwa chasesi, motsata kayendedwe ka wotchi, kuyambira pa kamzere ka chitsa kapena pa mpata waukulu umene uli pakati pa timiyendo. Pa noval hita, kaulusi ka m'kati kotenthetsa valavu, imakhala kawirikawiri pa nambala 4 ndi 5, pa B7G pa 3 ndi 4, ndipo pa octal pa 2 ndi 7, ngakhale kuti mavalavu ena a octal, monga 6SQ7, ali nayo pa 7 ndi 8. Wowerengera kuchokera pamwamba amapeza manambala otembenuka, ndipo zolakwika zambiri pa ntchitoyi zimayambira pamenepo.

Musanalowetse chala kunsi kwa chasesi, kumbukirani kuti pa soketi yomweyo pamadutsa ma volts 250 mpaka 350, ndiponso kuti makapasita aakulu osefa magetsi amatha kusunga mphamvuyo wailesi itazimitsidwa kale. Zulani pulagi, tulutsani magetsi a m'makapasita kudzera mu rezisita (kachipangizo kochepetsa kuyenda kwa magetsi) ya ma ohms pafupifupi 10,000 yolimba ma watts angapo, ndipo tsimikizani ndi mita kuti atheradi. Kugunditsa kapasita ndi sikuludalaiva kumangoiwononga. Mawailesi opanda thiransifoma ya magetsi, amene mungawazindikire ndi mavalavu oyamba ndi U monga UCH81, UL84 ndi UY85, kapena a ku America monga 50C5 ndi 35W4, ndi oopsa mwapadera, chifukwa chasesi chake chimatha kulumikizidwa ndi waya wamoyo wa magetsi a m'nyumba. Wailesi yotere siyenera kuyesedwa ili yoyaka popanda thiransifoma yoilekanitsa ndi magetsi a m'nyumba, ndipo ambiri a ife timagwira ntchitoyi m'zipinda za kuseri kwa nyumba, za simenti pansi, zimene mawaya ake sitikudziwa amene anayika. Ufa wachikasu kapena woyera umene umaoneka pa chasesi china ungakhale wa cadmium, choncho usapukutidwe wouma kapena kuuzidwa ndi pakamwa.

Vuto lofala kwambiri ndi litsiro ndi dzimbiri pa malo okhudzana. Zizindikiro zake ndi kuthetheka mu sipika, mawu ozimirira ndi kubwerera okha, kapena wailesi imene imayamba kulankhula mukaimenya pambali. Kuyesa kwake ndi kosavuta: wailesi ili yoyaka, dzanja limodzi lili kutali ndi chasesi, gwedezani valavu iliyonse pang'ono ndi kamtengo kouma ndi kumvetsera. Valavu imene ikubweretsa phokoso ikagwedezeka ikuloza soketi yake, ngakhale kuti nthawi zina vuto limakhala m'kati mwa valavuyo, choncho ndi bwino kuyesa ndi valavu ina ya mtundu womwewo ngati ilipo. Hita yosayaka nayonso imanena zambiri. M'wailesi ya thiransifoma, mmene mahita ambiri amalandira ma volts 6.3 payekhapayekha, soketi yoipa imazimitsa valavu imodzi yokha. M'wailesi ya mavalavu a U, mahita ali pa mzere umodzi wotsatizana, ndipo kachitsulo kamodzi kosagwira kamazimitsa onse, zimene zimachititsa anthu kuganiza kuti wailesi yonse yafa.

Litsiro la pa kachitsulo limaoneka ngati nkhani yaing'ono mpaka munthu atawerengera. Hita ya EL84 imakoka ma amps 0.76. Ngati dzimbiri laika theka la ohm pakati pa kamwendo ndi kachitsulo, pamenepo patayika pafupifupi ma volts 0.4, ndipo kutentha kwa pafupifupi ma watts 0.3 kukubadwira pa malo osaposa mutu wa singano. Kutenthako kumafewetsa mkuwa ndi kuuchotsa mphamvu yake yofinya, kachitsulo kamakhwepa, kukhudzana kumachepa, ndipo kutentha kumawonjezeka, monga khasu lokhwepa pa mpini limene limakulitsa bowo lake nthawi iliyonse likamenya pansi. Nchifukwa chake masoketi a valavu yotulutsa mawu ndi a valavu yowongola magetsi, monga EZ80 kapena 5Y3, ndiwo amayamba kuda ndi kuuma, pamene a mavalavu ena amaoneka ngati atsopano. Kachitsulo ka grid, kasefa ka m'kati mwa valavu kowongolera magetsi odutsamo, kakasiya kugwira pa valavu yotulutsa mawu, zotsatira zake zimakhala zodula kwambiri, chifukwa valavuyo imatha kutaya chiwongolero chake, chimene ndi ma volts a pa grid, ndi kukoka magetsi ochuluka mpaka anode yake, chitsulo cha m'kati cholandira magetsiwo, kufiira, ndipo thiransifoma ya sipika, imene ndi yovuta kuipeza, imapsa nayo limodzi.

Kutsuka kumayamba ndi kuzula valavu mwaulemu. Valavu ya octal igwireni pa tsinde lake osati pa galasi, chifukwa guluu wakale womata galasi ku tsinde amakhala atauma, ndipo kukoka galasi kumadula timawaya ta m'kati. Valavu yaing'ono ikokeni molunjika m'mwamba mukuigwedeza pang'ono kwambiri. Kamwendo kakapindika pa tsinde, galasi limang'aluka, mpweya umalowa, ndipo banga lasiliva la m'kati limasanduka loyera ngati phulusa, chimene ndi chizindikiro chakuti valavuyo yatha. Zulani imodzi imodzi ndi kulemba malo ake, ndipo musapukute galasi ndi nsalu yonyowa, popeza manambala a mavalavu ambiri a ku Ulaya amafufutika ndi madzi okha. Timiyendo titsukeni ndi kaburashi kouma pang'ono ndi isopropyl alcohol. Timabowo ta soketi timatsukika bwino ndi timaburashi tija totsukira pakati pa mano timene timagulitsidwa m'mafamase, kapena ndi valavu yakufa ya mtundu womwewo imene mwainyowetsa timiyendo ndi mankhwala otsukira malo okhudzana, nkuilowetsa ndi kuitulutsa kangapo.

Pano ndiyenera kulankhula mosapita m'mbali, chifukwa ndi pamene masoketi abwino ambiri amawonongekera m'manja mwa anthu ofuna kuthandiza. Sandipepala, fayilo yaing'ono kapena msomali zimachotsa litsiro pamodzi ndi siliva, ndipo mkuwa wosiyidwa pamtunda umachita dzimbiri msanga kuposa kale. Sitiliwulu amasiya timaulusi tachitsulo timene timagwera pakati pa timabowo. Mafuta opopera omasulira mabawuti, monga Q20 amene ali m'nyumba iliyonse kuno, ndi abwino pa ntchito yake, koma pa soketi amalowerera pakati pa timapepala ta phenolic, amakoka fumbi, ndipo akafika pa makoyilo ndi timakapasita tochunira amasokoneza kachunidwe ka wailesi yonse. Sipiriti wofiirira wa m'masitolo amasiya utoto wake akauma. Choopsa china ndi nsonga ya waya wa mita, imene ndi yonenepa pafupifupi mamilimita 2: ikakankhidwira m'kabowo kopangidwira kamwendo ka milimita 1, kachitsulo kamatseguka ndipo sikabwereranso kokha. Poyesa soketi yaing'ono kuchokera pamwamba, lowetsani kamwendo kodulidwa pa valavu yakufa ndipo mita igwire kamwendoko.

Kamwendo komweko ndi kamene kamaonetsa vuto lachiwiri, lomwe ndi kukhwepa. Kalowetseni m'kabowo kalikonse ndi kumva ndi zala ngati kakugwiridwa. Kamene kakulowa ndi kutuluka popanda kukana kali m'kachitsulo kotopa. Kukonza kwake ndi kulowetsa singano yolimba, kapena kachitsulo kosongoka ka madokotala a mano, pakati pa kachitsulo ndi khoma la kabowo, nkukankhira mbali zake m'kati pang'ono pokha, kenako nkuyesanso. Yang'anani kaye ndi galasi lokulitsa zinthu kuti mudziwe kapangidwe kake, chifukwa tina tili ngati mphanda ya mano awiri pamene tina timazungulira kamwendo, ndipo malo okankhira amasiyana. Mkuwa wa zaka 60 kapena 70 umathyoka ukapindidwa kawiri katatu, ndiponso kachitsulo kothina mopitirira muyezo kamapanikiza kamwendo ndi kung'alula galasi la valavu yaing'ono, choncho pofunika pokha ndi pakuti valavu ilowe ndi kukankha kwa chala chimodzi ndipo isagwedere. Pa mavalavu a octal onaninso nsonga za timiyendo. Timiyendoti ndi tamphako, waya wa m'kati amamatidwa ndi mtovu pa nsonga, ndipo mtovuwo umatha kusweka nkuoneka ngati vuto la soketi. Mukaumatanso, palani wotsalira m'mbali, chifukwa kamwendo konenepa ndi mtovu kamatsegula kachitsulo kamene mwangomaliza kukonza.

Kachitsulo kakathyoka, sikuti soketi yonse yatha. M'masoketi oumbidwa, kachitsulo kalikonse kamagwidwa ndi kupotoza kapena kakatupa kakang'ono pa mchira wake wa kunsi. Mukachotsa mawaya ndi mtovu wonse, nkuwongola mchirawo ndi pulaya yaing'ono, kachitsulo kamatulukira pamwamba, ndipo kena kangalowe m'malo mwake. Kawirikawiri kolowa m'malo kamapezeka pa soketi yomweyo, pa nambala imene valavuyo siigwiritsa ntchito, ndipo kamakhala kosatopa chifukwa sikanadutsepo magetsi. Njira imeneyi ndimaikonda kuposa zonse chifukwa imasiya mawaya ena onse pamene anawaika opanga wailesi. Chenjezo lake ndi lakuti nambala yooneka yopanda ntchito ikhoza kukhala kuti opanga wailesi anaigwiritsa ngati pokumanirana mawaya, ndiponso mavalavu ena, kuphatikizapo EL84, ali ndi timiyendo tolumikizidwa m'kati timene buku lake limaletsa kumatapo chilichonse. Pa masoketi a timapepala tiwiri njirayi siitheka bwino, popeza tizitsulo tinapanidwa pakati. Pomata mawaya pa kachitsulo katsopano, siyani valavu yakufa m'soketi kuti igwire tizitsulo pa malo ake ndi kumwa kutentha, ndipo soketiyo ikhale mwanjira yakuti mtovu usatsikire m'kabowo. Tizitsulo tinapangidwa kuti tizisewera pang'ono m'timabowo take kuti tizitsata timiyendo, choncho waya wouma womangidwa mokoka amachotsa ufulu umenewo.

Vuto lomaliza ndi losiyana ndi onsewa, chifukwa lili m'thupi la soketi ndipo silichiritsika. Fumbi, chinyezi, ndowe za mphemvu kapena mkodzo wa makoswe zikakhala pakati pa timabowo tiwiri tosiyana ma volts mazana angapo, magetsi amayamba kuzemba pang'onopang'ono. Phenolic ndi Bakelite zikatenthedwa zimasanduka makala, makala amadutsa magetsi, ndipo kanjira kakuda kamakula mpaka tsiku limene moto uthetheka. Malo odziwika bwino ndi pakati pa nambala 2 ndi 3 pa soketi ya 6V6 kapena 6L6, pamene hita ndi anode zayandikana. Choyambitsa china ndi kuyatsa wailesi sipika itachotsedwa kapena waya wake ataduka, chifukwa thiransifoma ya sipika yopanda katundu imabweza ma volts okwera kwambiri pa anode. Mzinda uno uli pamtunda wa mamita pafupifupi 1,750, ndipo mpweya wopepuka umalola moto kudumpha mpata pa ma volts ocheperapo kusiyana ndi kunyanja, pamene wailesi yochokera ku Durban imabwera ndi vuto lake la dzimbiri ndi chinyezi cha mchere. Ena amapala kanjira kakudako ndi mpeni nkupakapo vanishi. Wailesi imalankhuladi kwa kanthawi, koma makala amakhala atalowa pansi pa khungu, makamaka pakati pa timapepala tiwiri pamene maso safika, ndipo sindingalole wailesi yokonzedwa motero kukagona m'chipinda mmene muli ana. Soketi yopsa iyenera kuchoka. Ya dothi lowotcha yokha ndiyo ingatsukidwe, popeza dothi silisanduka makala, pokhapokha ngati yang'aluka.

Kuzemba kwa magetsi kumayamba kalekale kanjira kakuda kasanaoneke, ndipo mita wamba sikuona, chifukwa poyesa ma ohms imagwiritsa ntchito ma volts ochepa chabe. Taganizirani soketi ya EL84 imene ikudutsitsa magetsi kudzera mu ma megohms 50 kuchokera pa ma volts 250 kupita ku grid imene ili ndi rezisita ya ma ohms 500,000. Pa grid pafika pafupifupi ma volts 2.5 okwera, pamene valavuyo imafuna kuti grid ikhale pafupifupi ma volts 7 kunsi kwa cathode, chitsulo cha m'kati chimene hita imatenthetsa. Gawo limodzi mwa magawo atatu a chiwongolero lapita, valavu ikutentha mopitirira, ndipo mawu akusasa. Chizindikiro chomwechi chimabwera kawirikawiri kuchokera ku kapasita ya pepala yolumikiza valavu yapitayo ndi grid, choncho soketi isaweruzidwe msanga. Masulani mwendo umodzi wa kapasitayo, zulani valavu, yatsani wailesi kwa kanthawi kochepa ndi kuyesa pa mchira wa grid. Ma volts akakhalapobe, soketi ndiyo yolakwa. M'wailesi ya mahita otsatizana kuyesa kumeneku sikutheka, chifukwa kuzula valavu imodzi kumazimitsa zonse, ndipo pamenepo pamafunika mita ija ya akatswiri oyika magetsi m'nyumba, imene imayesa ndi ma volts 500, mawaya onse atamasulidwa pa michira iwiri imene mukuikayikira.

Kusintha soketi yonse ndi ntchito ya maola, ndipo theka lake ndi kukonzekera. Jambulani zithunzi ndi foni kuchokera mbali zingapo, koma lembaninso pa pepala waya uliwonse ndi nambala yake, chifukwa chithunzi sichionetsa waya wobisika pansi pa unzake. Lembani pa chasesi mbali imene kamzere kapena mpata waloza, kuti soketi yatsopano ikhale moyang'ana komweko. Yesani bowo ndi mtunda wa pakati pa maliveti musanagule ina: bowo la B7G limakhala pafupifupi mamilimita 16 ndipo la noval pafupifupi 19, koma masoketi atsopano ambiri, makamaka a dothi, amafuna bowo lokulirapo. Pa soketi imene ikutayidwa, ndi bwino kudula michira yake ndi kuisiya ikulendewera pa mawaya, nkumaichotsa umodzi umodzi pomata pa yatsopano, kusiyana ndi kuwotcha ndi kukoka miyendo ya marezisita akale mpaka kuthyoka. Maliveti amachotsedwa poboola mitu yake, ndipo tizidutswa tachitsulo totuluka pamenepo tisalowe m'kapasita yaikulu yochunira kapena pa maginito a sipika, choncho phimbani zonsezo ndi pepala ndi tepi. M'malo mwa maliveti ikani timabawuti ta M3 ndi mawashala a mano. Kawirikawiri liveti yomweyo ndiyo inali kulumikiza mawaya ena ku chasesi, ndipo liveti yokhwepa kapena yadzimbiri payokha imabweretsa phokoso long'ung'uza limene anthu amalifunafuna kwina, choncho palani chasesi pamalopo mpaka chitsulo chiwale. Soketi ya dothi isamangidwe mwamphamvu, chifukwa imasweka.

Gwiritsani ntchito mtovu wa zamagetsi wokhala ndi utomoni m'kati, wa 60/40 ngati mungaupeze, umene umasungunuka pa madigiri pafupifupi 190 ndipo umagwirizana ndi mtovu wakale. Mankhwala a asidi a omata mapaipi a madzi amadya mkuwa ndi kudutsitsa magetsi, ndipo asayandikire wailesi. Masoketi atsopano ogulidwa pa intaneti amasiyana ubwino, ndipo ena amabwera othina kwambiri, choncho ayeseni kaye ndi valavu yakufa. A Rimlock ndi a tizitsulo ta m'mbali ndi osowa, ndipo gwero lake lodalirika ndi chasesi cha wailesi ina yowonongeka, chimene ndi chifukwa chokwanira chakuti musachipereke kwa ogula zitsulo zakale musanachotsemo masoketi.

Kayendedwe ka mawaya ndi mbali ya kapangidwe ka wailesi, ndipo apa ndi pamene okonza ozolowera mafoni amadabwa. Mawaya a hita amapotedwa awiri pamodzi ndi kugonekedwa pa chasesi kuti magetsi a 50 hertz asalowe m'mawu. Waya wa grid amakhala wamfupi ndi wotalikirana ndi wa anode, apo ayi valavu imayamba kudzimvera yokha ndi kuliza mluzu. Kachubu kachitsulo ka pakati pa soketi yaing'ono si kokongoletsa. M'mawailesi ambiri kamalumikizidwa ku chasesi kuti katchinge grid ku anode, ndipo kakaiwalika wailesi imasokonezeka ngakhale waya aliyense ali pa nambala yake. Nkhaniyi imakula kwambiri m'kabokosi ka FM, mmene mumakhala ECC85. Mawu a FM anayamba kuulutsidwa mu Johannesburg kumapeto kwa 1961 kuchokera pa nsanja ya ku Brixton, ndipo pa mafunde a pafupifupi ma megahertz 100 amenewa, sentimita imodzi ya waya imachita ngati koyilo yaing'ono. Kusuntha waya kapena kusintha phenolic ndi dothi kumasuntha masiteshoni pa galasi lochunira ndi kuchepetsa mphamvu yokoka, ndipo kubwezeretsa kumafuna makina ochunira amene ambiri tilibe. Maganizo anga ndi akuti soketi ya m'kabokosi ka FM, ndiponso ya valavu yoyamba ya mafunde aafupi, itsukidwe, ifinyidwe, isinthidwe kachitsulo kamodzi ngati kuli kofunika, koma isazulidwe pokhapokha itasweka. Mwayi wake ndi wakuti masoketi amenewa sapsa kawirikawiri, popeza mavalavu ake satentha kwambiri.

Mawailesi a kumapeto kwa zaka za m'ma 1950 ndi m'ma 1960 ali ndi masoketi omatidwa pa bolodi, ndipo vuto lawo lalikulu ndi mng'alu wozungulira mchira m'kati mwa mtovu, wobwera chifukwa cha kutentha ndi kuzizira kwa zaka zambiri. Chotsani mtovu wakalewo ndi kumata watsopano mwachangu, chifukwa timizere ta mkuwa ta pa bolodi zakale timamatuka tikatenthedwa nthawi yaitali. Pozula valavu pa bolodi yotere, ichirikizeni ndi chala china kuti isapindike.

Ntchito ikatha, yesani ndi mita kuti palibe michira iwiri yoyandikana imene yakhudzana, ndipo muyatse wailesi koyamba kudzera m'babu la ulusi la ma watts 60 kapena 100 lolumikizidwa motsatizana ndi waya wamoyo. Babu likawala pang'ono nkuzilala, zinthu zili bwino. Likawala kwambiri osazilala, zimitsani ndi kufufuza. Mababu a LED sagwira ntchito imeneyi, choncho a ulusi amene mungawapeze muwasunge. Kenako yesani ma volts a hita pa soketi yeniyeniyo, ndi a pa rezisita ya cathode ya valavu yotulutsa mawu, muwaonenso patapita theka la ola kuti mutsimikize kuti sakukwera. Onaninso kosankhira ma volts kumbuyo kwa wailesi. Magetsi a m'nyumba kuno ndi ma volts 230, ndipo wailesi yosiyidwa pa 220 imapatsa mahita mphamvu yopitirira ndi kutenthetsa masoketi amene mwangokonza kumene, choncho ngati pali 240 kapena 250, sankhani pamenepo. Mwini wailesi muwauze kuti asamazulezule mavalavu pofuna kupukuta fumbi, ndiponso kuti azizula pulagi ndi waya wa mlongoti magetsi akazima komanso mvula ya ziphaliwali ikayamba.